Mwathira Fosiforasi Koma Mpesa Sukusintha: Muyambe Kuyang'ana Pati?

Mwezi wa October ukangofika, mafunso amene alimi anzanga a mphesa zodya amandifunsa amakhala omwewo a chaka chatha. Wina masamba afiira. Wina mpesa wayanga mpaka kuphimba mawaya koma matsango ndi owerengeka. Wina mphesa zafika nthawi yothyola koma n'zowawasa. Ndipo pafupifupi aliyense amamaliza ndi mawu akuti, "Komatu DAP ndinathira wokwanira," kapena, "Kodi ndiwonjezere thumba lina?"

Ambiri a ife feteleza tinaphunzirira m'munda wa chimanga, momwe wokulitsa amayamba, wobereketsa n'kutsatira, chaka chamawa n'kuyambiranso. Mpesa suli choncho. Umakhala pamalo amodzi zaka makumi awiri kapena kuposerapo, umasunga chakudya m'thunthu ndi m'mizu, ndipo fosiforasi umadya wochepa zedi. Tani imodzi ya mphesa zimene mwakolola imachoka m'munda ndi makilogalamu pafupifupi 1.5 a nayitrojeni ndi 2.5 a potaziyamu, koma fosiforasi ndi magalamu 300 okha. Hekitala yotulutsa matani 20 yataya makilogalamu 6 a fosiforasi, amene mungabwezere ndi feteleza wa fosiforasi wa TSP wongopitirira pang'ono theka la thumba.

Fosiforasi ndi wofunika ndithu. Mizu yatsopano, maso obereka komanso maluwa zonse zimadalira iyeyo, ndipo akasowa zokolola zimatsika. Koma pamene munthu wathira kale matumba angapo ndipo mpesa sukusintha, kawirikawiri vuto silikhala kuchepa kwa feteleza. Mwina mizu ikulephera kumufikira, mwina nthaka yamugwira, mwinanso chikudwalitsa mpesawo ndi china.

## Manambala a pathumba

Nambala yapakati pathumba la feteleza si fosiforasi weniweni, ndi P2O5, kutanthauza fosiforasi wophatikizana ndi okosijeni. Kuti mupeze fosiforasi weniweni, ichulukitseni ndi 0.44. Tiyerekeze kuti a labotale akuuzani kuti muthire makilogalamu 20 a fosiforasi pa hekitala:

- TSP, amene ali ndi 46 peresenti ya P2O5: makilogalamu 100, ndipo nayitrojeni mulibe.
- DAP, 18:46:0: makilogalamu 100, obwera ndi makilogalamu 18 a nayitrojeni.
- 23:21:0+4S: makilogalamu 220, obwera ndi makilogalamu 50 a nayitrojeni.
- 23:10:5+6S+1Zn: makilogalamu 460, obwera ndi makilogalamu oposa 100 a nayitrojeni.

Mizere iwiri yomalizayi muikumbukire, tidzabwereranso pamenepa. Amene akufuna fosiforasi koma wagula wokulitsa wa chimanga, kwenikweni wagula nayitrojeni.

## Chizindikiro 1: Masamba akufiira kapena kuchita chikasu pakati pa mitsempha

Ichi ndiye chimathamangitsira anthu ambiri kusitolo. Pa mphesa zofiira ndi zakuda, monga Red Globe, Crimson Seedless ndi Flame Seedless, masamba amafiira. Pa zoyera, monga Thompson Seedless, amachita chikasu. Zoyambitsa ndi zingapo ndipo zimafanana kwambiri, choncho funsani mafunso atatu: zayamba liti, pa masamba ati, ndipo zafalikira bwanji m'munda?

1. Kusowa magineziyamu kapena potaziyamu. Magineziyamu akasowa, zimayamba pa masamba a m'munsi mphesa zitakula kale. Mtundu umayambira cham'mphepete n'kumalowa m'kati pakati pa mitsempha, mitsemphayo ili yobiriwira. Potaziyamu akasowa, zimaoneka msanga pa masamba a pakati pa nthambi, m'mphepete mwake mumayamba kuwauka ngati mwadutsa moto.
- Kukonza: pa magineziyamu poperani magnesium sulphate, ndipo ngati nthaka ili ya asidi thirani laimu wa dolomite. Pa potaziyamu thirani sulphate of potash.

2. Matenda a leafroll. Iyi ndi vairasi. Imaonekera mphesa zikayamba kusintha mtundu, ndipo masamba amapindikira pansi ngati munthu wawapinda dala. Mpesa umodzi umadwala, woyandikana nawo uli bwino, kenaka matenda n'kumayenda motsatira mzere.
- Onani: sendani khungwa lakale pathunthu. Mukapeza tizilombo toyera ngati thonje, abale ake a kodikodi wa m'chinangwa, ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika, amenewo ndiwo amafalitsa.
- Kukonza: mankhwala ochiza palibe, feteleza sathandiza. Mangani kansalu pa mpesa uliwonse wodwala, musadulepo mbewu, ndipo werengani gawo lomaliza musanazule.

3. Akangaude ofiira kapena nthambi yomangika. Tembenuzani tsamba, mugwedezere papepala loyera. Timadontho toyenda ndi akangaude aja amavutitsa tomato nyengo yotentha. Ngati yafiira ndi nthambi imodzi yokha, mitsempha ndi zonse, itsatireni ndi dzanja. Nthawi zambiri mupeza waya kapena chingwe chalowa m'khungwa.

4. Kusowa fosiforasi kwenikweni. Kumayamba msanga, nthawi ya maluwa kapena isanafike. Masamba a m'munsi amachita timadontho tofiira cham'mphepete, timene kenaka timalumikizana. Masamba amakhala aang'ono, obiriwira moderako, nthambi zazifupi. Sikusankha mpesa umodziumodzi, kumagwira chigawo chonse cha munda, makamaka pamtunda pamene nthaka yapamwamba inakokoloka. Ngati munda wanu uli pa katondo wa m'madera a mvula yambiri ngati Thyolo ndi Mulanje, ichi chikwereni pamwamba pa mndandandawu.
- Onani: tumizani timapesi ta masamba, tija timalumikiza tsamba ndi nthambi, ku labotale. Malinga ndi miyeso ya University of California, timapesi totengedwa maluwa atamasula tikapezeka ndi fosiforasi wosakwana 0.10 peresenti ndiye kuti akusowa, pakati pa 0.10 ndi 0.15 n'zokayikitsa, kupitirira 0.15 ndi wokwanira.

## Chizindikiro 2: Mpesa wapinimbira ngakhale munathira fosiforasi

1. Feteleza anatsala pamwamba. Ichi ndiye chofala kuposa zonse. Yureya akasungunuka amatsika ndi madzi, koma fosiforasi sayenda. Pamene wagwera amasuntha masentimita ochepa chabe pa chaka chonse. Tsiku lina ndinagwada pansi pa mpesa wa mlimi wina amene anali atawaza TSP zaka zitatu zotsatizana. Nditapalasa ndi chala ndinapeza timibulu totuwa tidakali pomwepo pa dothi louma, pamene mizu yoyamwa chakudya tinaipeza titakumba kupitirira chikhatho ndi theka. Ndalama za zaka zitatu zinali zitagona pamwamba, mpesa ukufa ndi njala pansi.
- Onani: kumbani dzenje lakuya masentimita 60, theka la mita kuchokera pathunthu. Onani pamene pali timizu tating'ono toyera. Tengani dothi la masentimita 0 mpaka 30 padera, la 30 mpaka 60 padera. Lapamwamba likakhala ndi fosiforasi wambiri pamene lapansi mulibe, yankho mwalipeza.
- Kukonza: kumbani kangalande kakuya masentimita 20 mpaka 30 motsatira mzere, theka la mita kuchokera pathunthu, mbali imodzi yokha. Thirani feteleza m'menemo pamodzi ndi manyowa owola bwino, kwirirani, thirirani. Ulendo wina mudzakumbe mbali inayo kuti musadule mizu mbali zonse nthawi imodzi. Nthawi yabwino ndi mukangomaliza kukolola masamba adakali obiriwira, chifukwa mizu imakula mwamphamvu nthawi imeneyo komanso nthawi ya maluwa.

Kwa amene simunadzale, mwayi wanu ndi uno. Sakanizani fosiforasi ndi laimu wofunika m'dothi lonse mpaka masentimita 60 musanaike mbande. Mpesa ukakhazikika simudzathanso kufika kumeneko popanda kuwononga mizu.

2. Nthaka ya asidi yamugwira. Pamene pH, muyeso wa asidi wa m'dothi, yatsika pansi pa 5.5, ayironi ndi aluminiyamu wa m'dothi amagwira fosiforasi mwamphamvu moti mizu singamuyamwe. Kufiira kwa katondo ndi ayironi yemweyo. Aluminiyamu amawononganso nsonga za mizu, imakhala yaifupi ndi yonenepa. Ndipo yureya, DAP ndi sulphate of ammonia zikamathiridwa chaka ndi chaka zimawonjezera asidi.
- Onani: yezetsani pH, ndipo funsani ngati ayeza ndi madzi kapena ndi mchere wa KCl. Muyeso wa KCl umatsika kuposa wa madzi pa dothi lomwelo. Mukufuna pH ya pakati pa 6 ndi 6.5 poyeza ndi madzi.
- Kukonza: laimu ayambe, fosiforasi atsatire patapita miyezi iwiri kapena itatu. Musaziike mu kangalande kamodzi tsiku limodzi, chifukwa kashiyamu wa mu laimu nayenso amagwira fosiforasi. Pa dothi lotere kuthira mu kangalande kumaposa kuwaza, popeza feteleza amakhudzana ndi dothi lochepa. Manyowa nawonso amathandiza kuti dothi lisamugwire kwambiri.

3. Mizu ikudwala. Dzenje lomwe lija likuuzani. Mizu yokhala ndi timatuza ngati mikanda ndi ntchito ya manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timachuluka pa dothi la mchenga komanso pamene panali fodya kapena tomato. Mizu yakuda, yofewa, yonunkha ndiye kuti madzi amaima. Muzu wodwala sungayamwe ngakhale feteleza atakhala pakamwa pake.
- Kukonza: chepetsani kuthirira, kumbani ngalande zotulutsa madzi. Pa manematodi njira yokhalitsa ndi kudzala mbande zomezanitsidwa pa tsinde lopirira, monga Ramsey amene alimi a ku South Africa amagwiritsa ntchito pa dothi la mchenga, kapena Dog Ridge amene ndi wofala ku India.

4. Nthaka ya kashiyamu wambiri. Pamene pH yakwera kupitirira 7.5, ngati m'malo ena a ku chigwa cha Shire, wogwira fosiforasi amakhala kashiyamu. Donthezerani viniga pa dothi louma. Likachita thovu, laimu ndi phulusa musayerekeze kuthira. Gwiritsani ntchito feteleza wa fosiforasi wa MAP m'malo mwa DAP, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo uzani a labotale ayeze fosiforasi ndi njira ya Olsen, chifukwa ya Bray imanamiza pa dothi lotere.

5. Bowa wothandiza mizu anatha. M'mizu ya mpesa mumakhala bowa wosaoneka, wotchedwa mycorrhiza, amene timaulusi take timafika kutali kukatenga fosiforasi n'kupatsa mpesa. Kulima mozama pafupipafupi, kufukiza dothi ndi mankhwala komanso fosiforasi wochuluka kumamuchepetsa. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma ndipo lekani kugaula pafupi ndi thunthu.

## Chizindikiro 3: Masamba thoo, matsango owerengeka

Chinthu chimene alimi ambiri sachidziwa ndi chakuti matsango a chaka chino anapangika chaka chatha. Pamene mpesa ukuchita maluwa, m'kati mwa maso a pa nthambi zatsopano mukupangika kale timatsango ta chaka chamawa. Zimene zinachitikira maso amenewo nthawi imeneyo ndizo mukukolola lero. N'chifukwa chake feteleza wothira mutaona kale kuti matsango achepa sawonjezera ngakhale tsango limodzi chaka chimenecho.

1. Nayitrojeni wochuluka ndi mthunzi. Apa ndi paja pa wokulitsa wa chimanga. Mlimi amafuna fosiforasi, mpesa unalandira nayitrojeni wambiri, nthambi zinathamanga, masamba anathithikana, maso anakulira mumdima. Diso lokulira mumthunzi limatulutsa kachingwe koyangira m'malo mwa tsango.
- Onani: imani pansi pa mpesa dzuwa lili paliwombo. Pansi payenera kuoneka madontho a dzuwa. Pakakhala mthunzi wokhawokha, ndipo nthambi zili zonenepa kuposa chala, zokhala ngati zaphwanthika, mfundo zili patalipatali, vuto ndi limeneli.
- Kukonza: siyani nayitrojeni kwa chaka chimodzi, patulirani mphukira zidakali zazing'ono, yalani nthambi pamawaya kuti zisasanjikizane.

2. Kudulira kosayenera mtunduwo. Thompson Seedless sabereka pa maso oyandikira kutsinde kwa nthambi. Mukamudulira mofupikitsa n'kusiya maso awiri, mwataya zokolola ndi mpeni wanu. Amafuna nthambi zazitali za maso 12 mpaka 15. Red Globe ndi Flame Seedless amabereka ngakhale mutafupikitsa.

3. Unabereka mopyola chaka chatha, kapena masamba anayoyoka msanga chifukwa cha matenda a nthawi ya mvula, moti sunasunge chakudya. Mukakolola musautaye mpesa, masamba apitirize kutetezedwa.

4. Fosiforasi anachepa pamene maso amapangika. Zimachitikadi, ndipo pamene wasowa kwenikweni matsango amachepa komanso amakhala aang'ono. Alimi a ku Nashik ndi Sangli m'chigawo cha Maharashtra ku India, kumene kulibe chisanu chogonetsa mpesa, amadulira kawiri pachaka, mu April ndi mu October, ndipo fosiforasi wambiri amathira pakati pa masiku 30 ndi 60 atadulira koyamba, nthawi imene maso obereka akupangika. Kwa ife a m'madera otentha phunziro lake ndi la nthawi, osati la kuchuluka kwa matumba. Mukakonza chaka chino, masamba asintha msanga, koma matsango muwaona chaka chamawa.

## Chizindikiro 4: Maluwa akuyoyoka, kapena tsango lili ndi mphesa zazikulu zosakanikirana ndi tating'onoting'ono

1. Nyengo ya nthawi ya maluwa. Mvula, mphepo yozizira, kutentha koopsa kapena ludzu pa sabata ya maluwa zimayoyola maluwa. Kumbukirani mmene kunalili sabata imeneyo musanaganize za feteleza.

2. Kusowa zinki, nthawi zambiri chifukwa cha fosiforasi wochuluka. Apa ndi pamene ndimamva chisoni kwambiri, chifukwa amene zimawagwera ndi alimi akhama. Chaka chilichonse DAP, chaka chilichonse ngolo za zitosi za nkhuku, zimene nazonso zili ndi fosiforasi wambiri. Popeza fosiforasi sakokoloka kupita pansi, amangounjikana, mpaka amayamba kutsekereza zinki ndi ayironi. Mlimi akaona mpesa ukufooka amawonjezeranso DAP.
- Onani: masamba a kunsonga ndi aang'ono kwambiri, amawangamawanga, mfundo zayandikana, ndipo pamene tsamba lalumikizana ndi kaphesi kake patambasuka m'malo mopindika ngati chilembo cha U. Ngati masamba a kunsonga achita chikasu chowala mitsempha yokha ili yobiriwira, kumeneko ndi kusowa ayironi.
- Kukonza: lekani fosiforasi yense, zitosi zomwe, mpaka dothi litayezedwa. Ku South Africa alangizi a mphesa amaona kuti mamiligalamu 20 mpaka 30 pa kilogalamu ya dothi, poyeza ndi njira ya Bray 2, ndi okwanira, dothi la mchenga likufuna ochepa, la dongo ochulukirapo. Mukapitirira pamenepo kwambiri mutha kukhala zaka zingapo osathira. Zinki mupopere pamasamba milungu iwiri kapena itatu maluwa asanamasule. Wothira m'dothi lodzaza fosiforasi amangogwidwanso.

3. Kusowa boroni. Timphesa timakhala tambiri, tofanana kukula, tophwatalala pang'ono, ndipo nsonga za nthambi zimauma. Samalani kwambiri, chifukwa pa boroni malire a wokwanira ndi wowononga ayandikana. Musathire popanda zotsatira za labotale.

4. Kusowa fosiforasi. Kumachititsa kuti maluwa asagwire bwino, tsango n'kukhala la magwerugweru, koma sikubwera kokha. Ngati palibe timadontho tofiira ndi nthambi zazifupi tanena m'chizindikiro choyamba, yang'anani kwina.

## Chizindikiro 5: Mphesa zowawasa, zosafiira bwino, kapena zofewa

Ogulitsa ena amanena kuti fosiforasi amatsekemeretsa mphesa. Ngati mpesa unali ndi njala ya fosiforasi, kumupereka kumaukonza wonse, zipatso zomwe. Koma mpesa umene uli naye wokwanira, wowonjezerayo sakweza shuga ndipo sakulitsa mphesa.

1. Matsango achuluka kuposa masamba. Shuga amapangidwa m'masamba. Patulirani matsango mphesa zidakali ngati nandolo. Kumawawa mtima kudula tsango labwinobwino, koma otsalawo ndi amene adzagulidwe.
2. Mwathyola msanga. Mphesa si nthochi, sizipitiriza kupsa zikachoka pamtengo. Yezani ndi refractometer, kachipangizo koyezera shuga m'madzi a mphesa. Ogula ambiri amafuna shuga wa 16 Brix kapena kuposerapo.
3. Nayitrojeni kapena madzi ochuluka kumapeto. Zimachedwetsa kupsa, mphesa zimafewa ndipo siziyenda ulendo.
4. Kutentha usiku ndi mthunzi pa tsango. Crimson Seedless amavuta kufiira m'madera otentha ngakhale chakudya chili chokwanira. Chotsaniko masamba ochepa pafupi ndi matsango kuti kuwala kufike, koma osawasiya padzuwa la masana.
5. Potaziyamu wachepa. Ngati pali chakudya chimene chimathandiza kupsa, ndi ameneyu. Ena amapopera MKP, 0:52:34, n'kuona kusintha, n'kuyamika fosiforasi pamene wagwira ntchito ndi potaziyamu wa m'menemo.

Pali msampha wina wa m'mabotolo opopera. Botolo lolembedwa phosphite, phosphonate kapena phosphorous acid si feteleza wa fosiforasi, ngakhale litakhala ndi nambala yaikulu ya P2O5. Ndi mankhwala othandiza pa matenda a downy mildew, aja amachita mawanga ngati a mafuta pamwamba pa tsamba ndi nkhungu yoyera kunsi kwake. Mpesa sungawagwiritse ntchito ngati chakudya. Chakudya ndi phosphate, ndipo kusiyana kwa mawu awiriwa ndi chilembo chimodzi. Komanso phosphite amatsalira m'zipatso ndi m'thunthu kwa nthawi yaitali, choncho ogulitsa kunja afunse kaye wogula wawo.

## Chizindikiro 6: Timabowo ta mthirira wodontheza tatsekeka mutathira feteleza

Izi zinandichitikira ineyo. Ndinasungunula MAP ndi calcium nitrate mu mgolo umodzi kuti ndithirire kamodzi. Madzi anayera ngati mkaka, pansi pa mgolo panadikha phala loyera, ndipo patapita masiku atatu mizere ya kumapeto inali youma gwaa masamba atalendewera, maluwa ali pafupi kumasula.

1. Fosiforasi wakumana ndi kashiyamu kapena magineziyamu mu mgolo. Zikhale m'migolo yosiyana, zithiridwe masiku osiyana, ndipo pakati pake mudutse madzi oyera.
2. Madzi anu ali ndi kashiyamu wambiri. Ngati madzi a pa mjigo wanu amasiya zoyera zouma m'ketulo, adzachitanso zomwezo m'mapaipi. Yesani kaye: tungani madziwo m'botolo loonekera m'kati, sungunulani feteleza pa mlingo umene adzakhale nawo m'mapaipi, musiye usiku wonse. Akachita mbuu kapena pansi pakadikha zoyera, musathire.
3. Feteleza wake si wosungunuka. TSP, SSP ndi DAP wa timibulu ndi wa m'dothi. Wa m'mapaipi ndi MAP wosungunuka, 12:61:0, kapena MKP.
4. Simunatsuke. Feteleza akatha, madzi oyera ayende mpaka mapaipi onse atayera, ndipo nthawi ndi nthawi muzitsegula kumapeto kwa mizere kuti zinyalala zituluke.

Mthirira wodontheza ukamayenda bwino ndi njira yabwino kwambiri yoperekera fosiforasi, chifukwa madzi odontha pamalo amodzi amamutsitsa kufika pamene mizu yaunjikana.

## Chizindikiro 7: Madzi a m'damu kapena m'chitsime cha kumunsi kwa munda abiriwira

Fosiforasi satsika m'dothi, koma dothi likakokoloka amapita nalo. M'madzi amadyetsa ndere ndi namasupuni, yemwe uja amavutitsa mumtsinje wa Shire. Ndere zomwezo zidzatseka sefa ya mthirira wanu. Musawaze feteleza pamtunda mvula ili pafupi, manyowa musaunjike m'mphepete mwa madzi, ndipo dzalani vetiva kumunsi kwa munda.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana odziwa

- Mukukayikira leafroll. Maso okha amanamiza. Mlangizi kapena katswiri wa matenda a mbewu aone musanazule, komanso musanagulitse kapena kugawa mbewu yochokera m'munda umenewo.
- Mipesa ikufota mwadzidzidzi kapena kuuma motsatizana. Imeneyo si njala ya feteleza. Musathire kanthu, itanani alangizi tsiku lomwelo.
- Mukufuna kutsuka mapaipi ndi asidi. Phosphoric acid ndi nitric acid zimawotcha khungu ndipo zimachititsa khungu m'maso. Koyamba pakhale munthu wodziwa za mthirira. Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi.
- Mankhwala a manematodi. Ambiri ndi poizoni woopsa, ndipo ena saloledwa pa zipatso. Dothi ndi mizu ziyezedwe kaye.
- pH ili pansi pa 5 kapena pamwamba pa 8, kapena dothi likuyera mchere. Mlingo wa laimu kapena gypsum awerengere ndi a labotale.
- Boroni, zinki kapena ayironi wa m'dothi. Osangoyerekeza mlingo.
- Mwakonza zonse, papita nyengo ziwiri, palibe kusintha. Pakufunika munthu wodzakumba nanu dzenje n'kuona mizu ndi maso ake.

Ku Malawi, mlangizi wa ku EPA yanu angakulumikizeni ndi malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe kapena Bvumbwe ku Thyolo, ndipo ARET ku Lilongwe imayezanso dothi. Ku Zambia funsani ku Mount Makulu ku Chilanga. Imbani kaye mufunse ngati amayeza timapesi ta masamba, chifukwa si labotale iliyonse yoyeza dothi imene imayezanso masamba.

Potenga timapesi, dikirani maluwa amasule. Pa nthambi iliyonse thyolani tsamba loyang'anizana ndi tsango la m'munsi, chotsani tsambalo pomwepo, musunge kaphesi kokha. Sonkhanitsani 60 mpaka 100 kuchokera m'mipesa yosiyanasiyana ya mtundu umodzi, chigawo chodwala padera, chabwino padera kuti a labotale afananize. Ikani mu envulopu ya pepala, osati mu jumbo, chifukwa mu pulasitiki timachita nkhungu tisanafike. Musatenge mutangopopera feteleza wa pamasamba. Pa envulopu lembani mtundu wa mphesa, tsinde lomezanitsapo ngati mukulidziwa, zaka za mpesa, tsiku, ndi feteleza yense ndi manyowa amene munathira zaka zitatu zapitazi.